Kagawidwe ka katemera wochepa pa nthawi ya mliri

Pa 5 Malichi 2021 dziko la Malawi lidalandira katemera woyamba wa Covid-19, wa mtundu wa AstraZeneca, kudzera mu COVAX, ndondomeko ya padziko lonse yogawira maiko katemera, ndipo adali madozi 360,000 okha m'dziko la anthu oposa 18 miliyoni. Mliri wina ukadzabwera zinthu zidzakhalanso chimodzimodzi, choncho aliyense amene amayang'anira chipatala ayenera kudziwiratu anthu oyamba kubayidwa ndiponso njira yowafikira.

Lembani mndandanda wa mayina katemera asanafike, pakuti akafika mudzakhala ndi masiku owerengeka. Gulu loyamba ndi la azaumoyo. Polemba mayina a ogwira ntchito, funso likhale lakuti ndani amene amapuma mpweya umodzi ndi odwala tsiku ndi tsiku, ndipo mukalitsata moona mtima mudzapeza kuti pambali pa madokotala ndi anamwino pali okolopa m'mawodi, ochapa zofunda za odwala, oyendetsa ambulansi, ogwira ntchito kumotchale, alonda a pachipata ndi alangizi azaumoyo amene amayenda khomo ndi khomo m'midzi. Anthu amenewa amaiwalika msanga chifukwa alibe mawu pamisonkhano ya akuluakulu, ndipo ine ndimaona kuti n'kulakwa kwakukulu kubaya munthu wokhala mu ofesi pamene wokolopa m'wodi ya odwala chifuwa akudikira. Chifukwa choyambira ndi azaumoyo n'chosavuta kumva: pachipatala chaching'ono chakumudzi namwino mmodzi akagona, amayi oyembekezera ndi ana odwala malungo a dera lonselo amasowa kolowera.

Musabaye ogwira ntchito a wodi imodzi tsiku limodzi. Katemera amatha kuyambitsa kutentha thupi, mutu ndi kuphwanya m'thupi kwa tsiku limodzi kapena awiri, ndiye agaweni m'magulu kuti wodi isasowe woisamalira.

Gulu lachiwiri, lomwe n'lovuta kulipeza, ndi la okalamba a zaka 60 kupita m'tsogolo pamodzi ndi odwala matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, mphumu ndi matenda a mtima, komanso amene chitetezo cha m'thupi mwawo chidatsika. Yambani ndi makaundula a pachipatala panu, ndipo konzani zoti katemera azipezeka pa tsiku lomwe anthuwa amabwera kudzatenga mankhwala awo, kuti asalipire ulendo kawiri. Kaundula wa omwe amalandira ma ARV muusunge mwachinsinsi; musaitane mayina pagulu kapena kuwaika pamzere wawowawo umene ungawaulule. Kumbukiraninso kuti anthu ambiri a shuga ndi kuthamanga kwa magazi sadayezetsepo, kotero kaundula yekha sakwanira. Apa m'pamene mufunika mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, ndi alangizi azaumoyo, chifukwa iwo amadziwa nyumba imene muli agogo osatha kuyenda. Agogo oterowo apititsireni katemera kumudzi komweko m'bokosi lozizira, pakuti mukangolengeza pa wailesi n'kumadikira, amene adzafike msanga ndi achinyamata okhala pafupi ndi msewu.

Kabotolo ka AstraZeneca kamene kadabwera kuno kadali ndi madozi 10, kamasungidwa m'furiji pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo kakatsekulidwa kamayenera kutha pasanathe maola 6. Chifukwa cha ichi, itanani anthu khumikhumi, ndipo mukhale ndi mndandanda wachiwiri wa anthu a gulu lotsatira okhala pafupi, amene mungawaitane ngati ena sadabwere. Mndandandawu ulembedwe poyera ndipo komiti ya chipatala iuone, chifukwa madozi otsala madzulo ndiwo khomo limene achibale ndi anthu otchuka amalowera.

Tsiku lothera mphamvu ya katemera muliyang'ane tsiku lililonse. Kumapeto kwa Malichi 2021 kudafika madozi 102,000 ochokera ku bungwe la African Union amene amatha mphamvu pa 13 Epulo, ndipo ngakhale ambiri adagwiritsidwa ntchito, madozi 19,610 adawotchedwa m'mwezi wa Meyi pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Nthawiyo mphekesera zokhudza katemerayu zidali zitafala ndipo anthu ambiri, ena mwa iwo azaumoyo, amazengereza kubayitsa. Choncho khalani pansi ndi ogwira ntchito anu katemera asanafike, muyankhe mafunso awo mosawanyoza, pakuti wodwala amakhulupirira namwino amene waonetsa yekha phewa lake lobayidwa. Ikani tsiku lomaliza la gulu lililonse, ndipo likakwana, tsekulirani gulu lotsatira kwinaku mukusakabe otsalira a gulu loyamba.

Pamene mukubaya dozi yoyamba, werengeranitu yachiwiri. Mu Juni 2021 katemera adatha m'zipatala zambiri, dziko la India, komwe katemerayu ankapangidwa, litaleka kutumiza kunja katemera wake chifukwa cha kukula kwa mliri kumeneko, ndipo anthu amene amayembekeza kubayidwa kachiwiri adabwezedwa. Lembani tsiku lobwerera pakhadi la munthu aliyense, sungani nambala yake ya foni kapena dzina la mudzi ndi mfumu yake, ndipo katemera wina akafika, yambani mwaitana azaumoyo ndi odwala aja amene adabayidwa kamodzi.