Mmene ndimatsukira kunja kwa rediyeta ya Probox yanga

Ndimayenda msewu wa Blantyre ndi Nchalo kawiri pa sabata, kutsika ndi katundu wa m'magolosale, kukwera ndi chilichonse chimene chapezeka. Amene mumaudziwa msewuwu mukudziwa kuti mukaoloka Shire pa Kamuzu Bridge n'kudutsa pa Thabwa, chotsala ndi chitunda chokhachokha. M'mwezi wa Okutobala, kuchigwa kukatentha mpaka madigiri 40, chitunda chimenechi chimaulula matenda onse amene galimoto inkabisa.

Yanga inaululika chaka chachiwiri ndili nayo. Ndili pakati pa chitunda, muvi wa geji yoonetsa kutentha kwa injini unachoka pakati pamene umakhala n'kuyamba kulunjika kofiira. Ndinaima, ndinadikira kuti izizire, koma madzi ndinawapeza odzaza, fani ikuzungulira bwinobwino, pansi palibe ndi dontho lomwe. Anzanga anandipatsa malangizo osiyanasiyana. Wina anati gasiketi yapita, wina anati ndichotse thermostat ndikataye. Makaniko wina wachikulire, yemwe sakonda zolankhulalankhula, anangomasula mabawuti awiri apamwamba, kupendeketsa rediyeta pang'ono, n'kuti, "Achimwene, tasuzumirani umu." Zimene ndinaona zinali ngati bulangeti lakale: fumbi loumbika, mapiko a ngumbi, njere za udzu, phulusa la nzimbe zootchedwa, nthenga za nkhuku, ndi kachidutswa ka jumbo kataphimba pakona. Hafu yonse yam'munsi inali yotsekeka. Tsiku limenelo sindinagule chitsulo chilichonse. Tinangotsuka.

Rediyeta simaziziritsa madzi payokha, imadalira mphepo. Madzi otentha ochokera mu injini amayenda m'timapaipi tosalala, ndipo pakati pa timapaipito pali timalata topyapyala topindidwa ngati malata a nyumba. Timalatato timatenga kutentha n'kukupereka kwa mphepo yodutsa. Mphepo ikasowa polowera, ngakhale muthire kulanti (madzi oziziritsa injini) wodula chotani, injini iwirabe. Chimene chimatinamiza ambiri n'chakuti tikasuzumira kutsogolo kwa galimoto timaona chinthu chooneka ngati rediyeta, chili choyera, n'kumati zonse zili bwino. Pa galimoto ya AC chimene mukuonacho ndi kondensa, yomwe imaziziritsa gasi wa AC. Rediyeta yeniyeni ili kuseri kwake, ndipo kampata kapakati pa ziwirizi, koti n'kulowa zala ziwiri zokha, ndiye nkhokwe ya zinyalala.

Ntchitoyi ndimaigwira m'mawa galimoto isanalizidwe. Injini ikamagwira ntchito madzi ake amakhala pafupifupi madigiri 90, ndipo amakhala opanikizika, choncho chivindikiro cha rediyeta chisiyeni, lero tilibe nacho ntchito. Choyamba ndimatenga sipanala ya 10 n'kuchotsa waya wa negetivu pa batire. Pa galimoto zina fani yamagetsi imatha kudzuka yokha kiyi ali m'thumba, ndipo zala zanu zikhala zili pomwepo. Wotchi ya mu galimoto isokonekera, mudzaikonza pambuyo pake. Kenako ndimavundikira alternator (chipangizo chotchaja batire) ndi kabokosi ka mafiyuzi ndi majumbo, n'kumanga ndi mphira.

Madzi asanakhudze chilichonse, chotsani zouma. Mukayamba ndi madzi, fumbi lija limasanduka matope n'kulowerera mkati. Ndimagwiritsa burashi yopentera nyumba, yofewa, ya mainchesi awiri, ndipo ndimasesa motsatira mmene timalata tayendera, osati mopingasa. Burashi ya waya ayi, kamtengo kosongoka ayi. Pa yangayi ndikamasula mabawuti a tizitsulo tiwiri togwira rediyeta pamwamba, imapendekekera ku injini mokwanira kuti dzanja ndi burashi zilowe mu kampata kaja. Musaikakamize. Mapaipi a rabala akadali omangidwa, ndipo mathanki a rediyeta za masiku ano ndi apulasitiki, akakalamba amasweka pakhosi mosavuta. Kondensa musaikoke n'komwe, mapaipi ake akathyoka gasi yense wa AC wapita.

Sopo wake ndi wamadzi wotsukira mbale, masipuni awiri mu malita asanu a madzi ofunda. Thirani paliponse ndipo mudikire mphindi khumi kuti tizilombo tomwe tinaumira tifewe. Ngumbi ndi zomwe zimavuta kwambiri chifukwa zili ndi mafuta, zikapsera pa timalata zimamata ngati ulimbo. Anzathu oyenda m'mbali mwa nyanja cha ku Nkhata Bay ali ndi zawo nkhungu, zomwe zimatha kuphimba kutsogolo konse pa ulendo umodzi. Pali ena amene amalangiza soda wopangira sopo uja, kapena madzi a mu batire, ati zimayeretsa msanga. Zimayeretsadi, koma zimadyanso aluminiyamu. Malangizo amenewa anatsalira kuchokera nthawi ya marediyeta amkuwa a malole akale, ndipo ngakhale pamenepo sindikanawavomereza.

Potsukuluza m'pamene pagona nkhani. Zinyalala zinalowa kuchokera kutsogolo, ndiye ziyenera kutulukira komwe zinalowera. Imani mbali ya injini, lowetsani paipi pakati pa mapiko a fani, madzi azipita kutsogolo kwa galimoto. Mukathira kuchokera kutsogolo mukungozikankhira mkati. Paipi iloze molunjika, isapendekeke, ndipo mphamvu ya madzi ikhale ya pa mpopi wa pakhomo basi. Kumene kulibe mpopi, sipuleya yopopera kumunda imagwira bwino ntchito imeneyi kuposa paipi, chifukwa kamtengo kake kamalowa malo opanikiza. Ingoonetsetsani kuti yatsukidwa bwino, mulibe mankhwala a mbewu. Yambani pamwamba kutsika pansi, mzere ndi mzere. Poyamba madzi amatuluka ofiira ngati a mumtsinje wosefukira, ndipo musasiye mpaka atayera. Ine zimanditengera ndowa zitatu kapena zinayi. Ndikatero ndimatsukanso kondensa chimodzimodzi kuchokera mu kampata kaja, n'kukokolola zonse zomwe zagwera pansi pake.

Makina a mphamvu a kochapitsa galimoto aja ndimawaopa. Tsiku lina ndinatembenuka pang'ono kukagula madzi akumwa, pobwera ndinapeza mnyamata akupopera pa girilo chapafupi, mopendekeka, ali wosangalala kuti akundichitira zabwino. Timalata ta kondensa, malo okula ngati chikhatho changa, tinagona tonse ngati chimanga chogwa ndi mphepo. Sindinamukalipire, sankadziwa. Koma kuyambira pamenepo ndimanena ndisanatsike n'komwe kuti, "Aise, kutsogoloku usaloze mfuti yakoyo."

Timalata togona timadzutsika, kungoti pamafunika mtima wa munthu wosankha mpunga. Ndimakhala pa kampando ndi sikuludiraiva yaing'ono yaphwatalala, n'kumadzutsa kamodzikamodzi, osakhudza timapaipi ta madzi. Kapaipi kakabooka ndiye kuti mwadzipangira ntchito ina. Sitibwerera mwakale ndendende, chofunika n'chakuti mphepo ipeze njira. Kuti mudziwe ngati mwatha, dikirani madzulo, yatsani tochi ya foni kumbali ya injini n'kusuzumira kutsogolo. Pamene kuwala sikukudutsa, pakadali potseka.

Rediyeta ikauma muiyang'anitsitse, chifukwa ino ndiyo nthawi yokhayo imene imaoneka bwino. Onani m'mphepete momwe thanki yapulasitiki yalumikizana ndi aluminiyamu. Mukapeza zoyera ngati mchere, kapena mtundu wobiriwira kapena wapinki wofanana ndi kulanti wanu, pamenepo pakudontha pang'onopang'ono, ndipo sopo sangathandize. Timalata tikamanyenyeka mukatikhudza ndi chala, rediyeta yatha, yambani kusunga ndalama. Izi zimapezeka pa galimoto zina zochokera ku Japan zimene zinkayenda m'madera a chipale chofewa, komwe amathira mchere m'misewu. N'chifukwa chakenso sinditsukuluzira madzi a m'mijigo ina ya ku Chikwawa, omwe ukalawa umamva mchere. Ndimadikira ndifike ku Blantyre. Onaninso timarabala tomwe rediyeta imakhalapo pansi. Timarabalato tikatha, rediyeta imagunda pa chitsulo m'mabampu onse, ndipo tsiku lina imang'ambika.

Za penti anthu amakangana. Ine ndimati ya aluminiyamu isiyeni momwe ilili. Chimene chimachita dzimbiri ndi chitsulo choigwira, makamaka chapansi pomwe matope amakhala, ndipo chimenecho ndimachipala ndi sandipepala n'kuchipaka penti wakuda. Ngati yanu ndi yamkuwa ya galimoto yakale ndipo penti wake wasupuka, poperani penti wa m'chitini wopirira kutentha, kamodzi kokha mopyapyala. Penti wa mafuta wopaka ndi burashi amatseka mipata ija imene mwavutika kutsegula, ndipo mukhala mwaiveka jekete m'chilimwe.

Chimene chinandithandiza kwambiri ndi waya wa sefa amene ndinamanga kuseri kwa girilo ndi pa bowo la m'munsi mwa bampala, lomwe limalowetsa timiyala ndi udzu. Maso ake ndi oti njere ya chimanga singadutse koma ya mapira idutsa. Ndinamanga ndi timawaya, motalikirana ndi kondensa kuti asakhulane. Ndinayesapo neti ya udzudzu, ndipo inatsekeka ndi fumbi pa maulendo awiri okha, muvi n'kuyambanso kukwera. Nambala puleti kapena magetsi owonjezera oikidwa pakati penipeni pa girilo nawonso amaba mphepo.

Ndimatsuka kawiri pa chaka: kumapeto kwa Seputembala kutentha kusanafike pachimake, ndi mu Januwale ngumbi za mvula yoyamba zitatha. Ndikayenda m'misewu ya m'minda udzu utakhwima, cha mu Meyi, ndimasuzumiramo ndi tochi ndikangofika. Mukamaliza, bwezerani mabawuti awiri aja, chotsani majumbo, mangani waya wa batire, lizani injini ndipo muyembekeze mpaka mumve fani yadzuka n'kuzimanso yokha. Jumbo ya pa alternator ndinaiiwalapo kamodzi, ndipo fungo la pulasitiki wopsa linandiperekeza mpaka pa Dyeratu.