Momwe mungawerengere nthawi ya maphunziro a masters ndi PhD kunja

Musanapemphe tchuthi cha maphunziro kuntchito, yambani mwasankha dziko, chifukwa kutalika kwa maphunzirowa kumasiyana kwambiri. Ku Britain masters ya m'kalasi imatha m'miyezi 12, ndipo thandizo la Chevening, lochokera ku boma la Britain, limalipirira chaka chimodzicho, pomwe PhD imatenga zaka 3 kapena 4. Ku America masters nthawi zambiri ndi zaka 2, koma PhD imafika zaka 5 ngakhale kuposerapo, popeza mumayamba mwalowa m'kalasi ndi kulemba mayeso musanaloledwe kuchita kafukufuku. Ku Germany nakonso masters ndi zaka 2.

Kenako wonjezerani nthawi yolowera pakhomo. Ku South Africa satifiketi yanu iyenera kuunikidwa ndi bungwe la SAQA, ndipo yunivesite ikhoza kukuuzani kuti muyambe mwachita Honours, maphunziro a pakati pa digiri yoyamba ndi masters, omwe ndi chaka china chathunthu. Ku China, ngati maphunzirowo ali m'Chitchaina, ambiri amatha chaka akuphunzira chilankhulo chokha. Zotsatira za mayeso a Chingerezi a IELTS zimagwira ntchito zaka 2, choncho musathamangire kulemba mayeso odulawa. Chenjeraninso ndi anthu odzitcha maajenti amene amalonjeza malo apompopompo mukawapatsa ndalama, pomwe mafomu ake mukhoza kulemba nokha pa intaneti.

Pofunika kusamala kwambiri ndi kumapeto kwa kafukufuku, ndipo ine ndi pamene panandivuta. Kupereka thesis, lipoti la kafukufuku wanu, si kumaliza sukulu. Imatumizidwa kwa oyesa a kumayunivesite ena, ndipo yanga inakhala kumeneko miyezi, ine ndikungotsegula imelo m'mawa uliwonse, tchuthi chitatha, ndalama za lendi zikutuluka m'thumba mwanga. Itabwera inali ndi zokonza, ndipo chaka chatsopano chinali chitayamba kale, moti ndinalembetsanso ndi kulipira. Choncho musanavomere malo, funsani mphunzitsi wokuyang'anirani tsiku lomaliza loperekera thesis kuti musalipirenso, ndiponso nthawi imene ophunzira ake am'mbuyomu anamalizira. Yankho lakelo ndilo mulembe m'kalata yopempha tchuthi, n'kuwonjezerapo miyezi ingapo, pakuti kupempha kuti akuwonjezereni muli kale kunja n'kovuta.

Zotsalazo n'zachidule. Onetsetsani kuti viza ndi pasipoti zikupitirira tsiku lomalizalo, funsani opereka thandizo ngati amalipira nthawi yowonjezera, ndipo mukabwerera pitani ndi satifiketi yanu ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba ku Malawi, kuti akaiunike.