Kakonzedwe ka Mapologalamu a Tsiku Lonse pa Wailesi ya M'dera

Musanalembe dzina la pologalamu ngakhale imodzi, yambani mwalemba tsiku la womvera wanu. Amadzuka nthawi yanji, amachoka pakhomo liti, amabwera liti, ndipo madzulo wailesi imakhala m'manja mwa ndani. Wailesi ya Dzimwe ku Monkey Bay imalankhula ndi asodzi amene ena mwa iwo amachezera usiku wonse panyanja n'kugona masana, pomwe ya Mudzi Wathu ku Mchinji imalankhula ndi alimi amene pofika 5 koloko m'mawa khasu lili kale paphewa. Ndandanda imodzi singakomere onse awiri.

Mukatero, zikani nsanamira, zomwe ndi nkhani. Sankhani nthawi zitatu zikuluzikulu, monga 6 koloko m'mawa, 12 koloko masana ndi 7 koloko madzulo, iliyonse mphindi 10, ndipo pamaola ena ikani mitu chabe ya mphindi ziwiri. Nsanamira sizisuntha. Nyimbo ingadulidwe, mlaliki angauzidwe kuti amalize, koma nkhani ziyambe pa nthawi yake, chifukwa anthu ambiri amayesera wotchi yawo pa wailesi. Mkonzi awerenge nkhani mokweza akuyang'ana wotchi asanazipereke. Mawu a Chichewa ndi ataliatali, ndipo nkhani yomasuliridwa kuchokera ku Chingerezi nthawi zambiri imatalika kuposa mmene inalili, choncho amene amangoyerekeza ndi maso amadzapezeka akudya mphindi za pologalamu yotsatira.

Mbandakucha mupatseni Mulungu: pemphero lalifupi ndi nyimbo zauzimu kwa mphindi 20 kapena 30. Kenako zanyengo zochokera ku nthambi yoona za nyengo, mitengo ya pamsika, ndi mauthenga a maliro. Mauthenga a malirowa musawapeputse. Dzina la malemu, mudzi, mfumu yaikulu, boma ndi tsiku la mwambo ziwerengedwe kawiri, pang'onopang'ono, ndipo muzitsimikizire kwa amene wabweretsa uthengawo musanaulutse. Kulengeza kuti wamoyo wamwalira chifukwa chosokoneza maina ndi cholakwa chomwe mudzi sukhululuka msanga. Komanso nyimbo yotsatira uthenga wa maliro ikhale yofatsa, osati yovinira paukwati.

Maphunziro agaweni pawiri. Za ana a sukulu, monga mmene pologalamu ya Tikwere inkachitira, zimayenera nthawi ya m'kalasi m'mawa, ndipo phunziro lisapitirire mphindi 30. Wowulutsa azisiya mpata wa masekondi asanu kapena kuposerapo akafunsa funso, kuti ana ayankhe; ambiri amaopa chete ameneyu n'kumadziyankha okha, phunziro n'kusanduka ulaliki. Za ulimi ndi zaumoyo musaziike 9 koloko m'mawa, pamene mlimi ali kumunda. Ziikeni masana pa nthawi ya nsima kapena madzulo, ndipo zitsate nyengo: kukonza minda mu Okutobala, kubzala mvula ikayamba, kasungidwe ka chimanga mu Meyi ndi Juni. Pologalamu iliyonse ikhale ndi mfundo imodzi. Mlangizi akafuna kunena za feteleza, mbozi ndi ngongole pa mphindi 15, mupempheni abwere katatu.

Sewero ndilo limadya nthawi yambiri yokonzekera, ndipo ndilo limasonkhanitsa banja lonse, choncho malo ake ndi nkhani za madzulo zikangotha. Gawo limodzi likhale mphindi 15 mpaka 25, lojambulidwa kale, ndipo muzikhala ndi magawo anayi osungidwa musanaulutse loyamba, poti wosewera mmodzi akadwala kapena kukagwa maliro kwawo ntchito imaima. Pachochitika chimodzi olankhula asapitirire anayi, ndipo mawu awo akhale osiyana bwino: womvera saona nkhope, ndiye amayi awiri a mawu ofanana amamusokoneza. Osewera azitchulana maina pafupipafupi. Phokoso la malo lijambulidwe lenileni, mtondo ukusinja, chitseko cha malata, belu la njinga, tambala patali, koma likhale pansi pa mawu. Wojambula amvetsere sewerolo pa kawailesi kakang'ono ka mabatire kapena pafoni wamba, chifukwa chomveka bwino m'mahedifoni a mu situdiyo chimatha kukhala phala pa sipika yaing'ono.

Nyimbo ndizo zimamata zonsezi. Ola limodzi la nyimbo, mutachotsa malonda, mitu ya nkhani ndi moni, limanyamula nyimbo pafupifupi 10. Woimba mmodzi asamveke kawiri pa ola, ndipo nyimbo iliyonse ilembedwe m'kaundula: mutu, woimba ndi nthawi. Kaundulayu ndi amene amathandiza bungwe la COSOMA pogawa ndalama kwa eni nyimbo. Nyimbo yatsopano imveredwe yonse isanapite pamphepo, makamaka masana ana ali pakhomo.

Pa zachipembedzo, gawani nthawi poyera ndipo mulembe. Asilamu Lachisanu masana, a Seventh Day Loweruka, mipingo ina Lamulungu mosinthana. Wailesi za zipembedzo monga Radio Maria kapena Radio Islam zili ndi njira yawo, koma ya m'dera ndi ya onse. Mlaliki aliyense auzidwe asanalowe kuti kunyoza chipembedzo china n'koletsedwa, chifukwa dandaulo likafika ku MACRA, bungwe loyang'anira wailesi m'dziko muno, woyankha ndi mwini laisensi, osati mlendo amene analankhula.

Foni za omvera zimavuta pa zinthu ziwiri. Woimba foni akakhala pafupi ndi wailesi yake yotsegula, mawu amabwerera m'maikolofoni n'kumalira, choncho wolandira foni amuuze atsitse wailesi asanamulowetse. Chachiwiri, aliyense apatsidwe mphindi imodzi, apo ayi anthu atatu omwewo adzalanda pologalamu tsiku ndi tsiku.

Magetsi akazima, jenereta imatenga kanthawi kuti ilire. Kompyuta ndi mikisa (makina osakanizira mawu) zikhale pa batire loti zisazime, ndipo pa tebulo pakhale fulashi ya nyimbo ndi mapologalamu osatha ntchito okwana maola awiri. Wowulutsa wotsatira afike kutatsala mphindi 30, awerenge kaundula, aone malonda amene sanaulutsidwe, ndipo asaine asanakhale pampando.