Kuika makasitomala pa mapu: malangizo kwa ochita geni yokasiya katundu m'makomo mu Harare

Abale athu ambiri amene amapikula masamba ku Mbare Musika, amene amagulitsa nkhuku, ndiponso amene amakasiya gasi kapena madzi m'makomo, amasunga makasitomala awo m'mutu ndi m'kope. Zimenezi zimayenda bwino makasitomala akakhala khumi, koma akachuluka n'kumwazikana kuchokera ku Dzivarasekwa mpaka ku Epworth ndi ku Chitungwiza, phindu limayamba kuthera ku mafuta a galimoto ndi ku mafoni ofunsana njira, makamaka m'madera atsopano kumene misewu ilibe mayina. Langizo langa ndi lakuti kasitomala aliyense aikidwe pa mapu, pogwiritsa ntchito luso lotchedwa GIS.

GIS ndi njira yolumikizira zimene mukudziwa ndi malo amene zili, kenaka n'kusanjikiza mapu angapo, monga a misewu, a nyumba ndi a madambo, kuti zonse zionekere pamodzi. Inayambira ku Canada m'zaka za m'ma 1960, pamene Roger Tomlinson anakonza dongosolo la pakompyuta losungira kaundula wa malo a dzikolo, ndipo kwa zaka zambiri inali makamaka m'manja mwa maboma ndi makampani akuluakulu. Zinthu zinasintha mu 2000 boma la America litasiya kuchepetsa dala kulondola kwa GPS (njira yodziwira pamene muli kudzera pa masetilaiti) kwa anthu wamba, ndipo pasanapite nthawi kunabwera mapu a pa intaneti a OpenStreetMap mu 2004 ndi Google Maps mu 2005. Masiku ano masitolo akuluakulu amaigwiritsa ntchito posankha pomanga nthambi, makampani a foni posankha poimika nsanja zawo, ndipo kuno ku Zimbabwe bungwe la boma loona za mapu ndi za m'mlengalenga la ZINGSA, lomwe linakhazikitsidwa mu 2018, linatsogolera ntchito yokonzanso mapu a zigawo za ulimi amene anatuluka mu 2020.

Inu poyambira panu ndi pachipata cha kasitomala. Imani poyera, osati pakhonde kapena pansi pa mtengo, chifukwa denga, makoma ndi masamba zimatchinga uthenga wochokera ku setilaiti. Mukatsegula mapu pafoni mudzaona kadontho ka buluu kali m'kati mwa bwalo lotumbululuka. Musapupulume, dikirani mpaka bwalolo lichepe, kenaka dinani pa kadonthoko n'kusunga malowo. Foni ikakhala poyera imaphonya ndi mamita pafupifupi 5, zomwe n'zokwanira kupeza chipata, koma si zokwanira kuweruzira mkangano wa malire a poloti, pakuti imeneyo ndi ntchito ya wopima malo wovomerezeka ndi boma.

Manambala awiri amene foni imaonetsa osonyeza pamene pali malowo (latitude ndi longitude) alembedwe pa mzere umodzi ndi dzina la kasitomala, chimene amagula, tsiku limene amafuna katundu ndi ngongole imene ali nayo. Apa m'pamene ambiri amagwa ulesi, koma mapu opanda zimenezi ndi madontho chabe. Mndandandawo mungaulowetse mu Google My Maps, kapena mu QGIS, pulogalamu yaulere ya pakompyuta, ndipo sindikuona chifukwa choti wa geni yaing'ono athamangire kugula pulogalamu yodula asanayese zimenezi. Patsani madontho a tsiku lililonse mtundu wake wa utoto pa mapupo, kenaka yang'anitsitsani. Mungathe kupeza kuti makasitomala asanu a ku Budiriro mumawayendera pa masiku atatu osiyana pamene ulendo umodzi ukanakwanira, kapena kuti pakati pa Mufakose ndi Kambuzuma mumangodutsa sabata iliyonse popanda kugulitsa kanthu, kapenanso kuti kasitomala mmodzi wa kutali amakudyerani mafuta oposa phindu limene amakupatsani.

Malo amene munthu amakhala ndi chinsinsi chake, ndipo lamulo la Cyber and Data Protection Act la mu 2021 limateteza zinthu zoterezi. Pemphani chilolezo musanasunge malo a nyumba ya munthu, ndipo mapu amene ali ndi mayina ndi ngongole za anthu musawatumize m'magulu a WhatsApp. Woyendetsa galimoto mumpatse malo a tsiku lomwelo basi. Mvula ikayamba mu Novembala, yendaninso njira zanu zonse, makamaka zodutsa m'madambo, ndipo mulembe pa mapu misewu imene galimoto yodzaza katundu singadutsemo kufikira mvula itatha.