Kuchoka pa mapulani a nyumba kupita ku zithunzi za 3D: mmene mungayezere musanasankhe

Ambiri mwa ife amene tinaphunzira zojambula mapulani a nyumba ku Chichiri, pasukulu imene inkatchedwa Polytechnic ndipo lero ndi MUBAS, timafika poti ntchito yathu timaiona ngati yongodikira. Timadikira kuti mwini nyumba apeze ndalama za simenti, timadikira kuti mapulani avomerezedwe, timadikira malipiro a ntchito imene tinaimaliza chaka chatha, pamene mnzathu amene anasiya zonsezi n'kuyamba kupanga zithunzi za 3D pakompyuta akuoneka kuti amamaliza ntchito m'masabata awiri n'kulandira zake. Ine ndinadutsa m'maganizo amenewa, ndipo chimene ndinapeza n'chakuti kusinthaku kumapindulira munthu amene wapita nalo luso lake la zomangamanga, koma kumasaukitsa amene walisiya kumbuyo poganiza kuti pulogalamu ya pakompyuta ndiyo ntchito yonse.

Yambani ndi kudzifunsa moona mtima kuti chimene chakutopetsani n'chiyani. Tengani kope, ndipo kwa mwezi wathunthu muzilemba madzulo aliwonse ntchito imene munaigwira ndi mtima wonse ndi imene munaigwira mokakamizika. Mukapeza kuti chimakuwawani ndi malipiro ochedwa kapena bwana amene sayamika, dziwani kuti zimenezi mukazipezanso mbali inayo, chifukwa makasitomala ake ndi omwewo. Koma mukapeza kuti nthawi imakutherani osadziwa pamene mukukonza kuwala kwa dzuwa pakhoma kapena maonekedwe a matailosi, pamene ulendo wa ku saiti mumauona ngati chilango, ndiye kuti pali chifukwa chenicheni chopitirizira kulingalira.

Chachiwiri n'kudziwa kuti ntchito imene timangoitcha "3D" si imodzi. Pali kupanga zithunzi ndi makanema oonetsa nyumba isanamangidwe, ntchito imene imagwiridwa ndi mapulogalamu monga SketchUp, 3ds Max, V-Ray, Lumion, Twinmotion ndi Blender, ndipo cholinga chake n'kukopa maso a wogula kapena wopereka ndalama. Palinso BIM (Building Information Modelling), kumanga nyumba yonse m'kompyuta, imene imagwiridwa kwambiri ndi Revit kapena Archicad, pomwe khoma lililonse la m'kompyuta limakhala ndi kukula kwake, zipangizo zake ndi kuchuluka kwake, kotero kuti injiniya, wowerengera mtengo wa zomanga ndi kontrakitala amagwira ntchito pa chinthu chimodzi, ndipo paipi imene ikadagundana ndi bimu imaonekeratu njerwa isanayalidwe. Ndiye pali zopanga malo a m'masewera a pakompyuta ndi Unreal Engine, zimene msika wake uli kunja pafupifupi wonse. Kwa munthu amene anaphunzira kale mmene nyumba imaimira, BIM ndiyo ili pafupi kwambiri ndi zimene akudziwa, ndipo ndi imene wina wongophunzira pa YouTube sangamulande msanga.

Pamenepa ndikufuna ndichedwepo, chifukwa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Chithunzi chokongola chokha chikutsika mtengo chaka ndi chaka. Mapulogalamu a AI monga Midjourney amatulutsa nyumba yonyezimira m'mphindi imodzi, ndipo wachinyamata aliyense wokhala ndi laputopu yabwino angathe kuika galimoto yapamwamba kutsogolo kwa nyumba ya magalasi n'kuitumiza pa WhatsApp. Chimene iwo sangathe n'kuonetsa nyumba imene ingamangikedi pamalo otsetsereka a ku Nyambadwe kapena m'munsi mwa Soche, yokhala ndi denga limene malata ake akupezeka ku Limbe, ndi ngalande zoti madzi a mvula ya mu Febuluwale apeze kolowera. Tsiku lina ndinaonetsa mayi wina wa ku Chigumula nyumba yake mu 3D, iye atakhala milungu itatu akuvomera mapulani apapepala amene kwenikweni sankawamvetsa. Atangoona chithunzicho anaika chala pasikirini n'kunena kuti, "Achimwene, khitchini yatalikirana ndi khonde lakuseri, nanga magetsi akazima ndikaphikira pa mbaula ndizidutsa nayo pabalaza?" Tinasuntha chitseko chimodzi tsiku lomwelo, ndipo ndalama zimene zikadapita pogumula khoma zinapulumuka. Ndalama zimene mayiyo analipira sizinali za kukongola kwa chithunzi, zinali za cholakwika chimene chinagwidwa nthawi ikadalipo, ndipo kuti muchigwire n'kuchikonza msanga mufunika kudziwa kuti lintala ikhala pati ndipo khoma liti likunyamula denga.

Tsopano werengerani ndalama zolowera, ndipo muziwerengere m'madola, chifukwa pafupifupi chilichonse chimene ntchitoyi imafuna chimachokera kunja. Kompyuta ya muofesi imene imayendetsa AutoCAD bwinobwino imalephera ikafika pa render, ntchito yotulutsa chithunzi chomalizidwa ndi kuwala ndi mithunzi yake, popeza ntchito imeneyi imadalira graphics card (chipangizo cha m'kompyuta chokonza zithunzi) yamphamvu, kawirikawiri ya NVIDIA, pamodzi ndi RAM (malo amene kompyuta imasungamo zimene ikugwira pa nthawiyo) yosachepera 32 GB ngati mukufuna kugwira nyumba zikuluzikulu mosavutika. Kampani ya Autodesk inasiya kugulitsa malaisensi okhalitsa mu 2016, choncho Revit ndi 3ds Max mumalipira chaka ndi chaka, ndipo amene tinalipo mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, tikudziwa mmene bilu ya m'madola imakulira usiku umodzi wokha. Laisensi ya ophunzira ndi yaulere koma siloledwa pa ntchito yolipidwa, ndipo mapulogalamu obedwa amene amayenda m'mafulashi, kuwonjezera pa kuswa lamulo, angakutayitseni kasitomala wakunja tsiku limene wafunsa za laisensi yanu. N'chifukwa chake ndimalangiza aliyense kuyamba ndi Blender, imene ndi yaulere kwa aliyense kuyambira 2002 ndipo imatulutsa zithunzi zosachititsa manyazi, n'kudzagula zinazo pokhapokha ntchito yolipidwa ikazifuna.

Magetsi nawo aikeni m'bajeti monga mmene mumaikira lendi. Kanema wa mphindi imodzi amakhala ndi zithunzi zoposa 1,400, ndipo kompyuta ingathe kugwira usiku wonse kuti izimalize. Ine ndinaphunzira mowawa pamene magetsi anazima cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, ntchito itatsala pang'ono kutha, ndipo popeza ndinali nditauza pulogalamu kuti isunge zonse ngati fayilo imodzi ya kanema, ndinadzuka n'kupeza palibe chimene chatsala, kasitomala akundidikira 9 koloko. Kuyambira pamenepo ndimasunga chithunzi chilichonse pachokha, kuti magetsi akabwera ndipitirize pamene ndinalekera, ndipo ndinagula invetala ndi mabatire ndisanaganize n'komwe zogula sikirini yachiwiri. Dziwaninso kuti kompyuta yapatebulo yamphamvu imadya magetsi ochuluka kuposa laputopu, kotero kuti kasola kakang'ono kowunikira m'nyumba sikangaikwanitse.

Funso lotsatira ndi lakuti adzakulipirani ndani. Mu Blantyre muno ogula ntchito imeneyi alipo, koma si ochuluka: maofesi a anzanu ojambula mapulani amene alibe nthawi yopanga okha zithunzi, makampani ogulitsa malo ndi nyumba, mipingo imene ikusonkha ndalama zomangira tchalitchi ndipo ikufuna chithunzi choika pakalendala, mabungwe ofuna kuonetsa opereka thandizo chimene chidzamangidwe, komanso abale athu okhala ku Johannesburg kapena ku UK amene akumanga kwawo ali kutali ndipo amafuna kuona ndi maso asanatumize ndalama. Vuto lalikulu n'lakuti ambiri anazolowera kulandira 3D ngati basela pamwamba pa mapulani, ndiye muyenera kuyamba mwawazoloweza kuti ndi ntchito payokha yokhala ndi mtengo wake. Msika wakunja, kudzera pa mawebusaiti opezerapo ntchito monga Upwork kapena Fiverr, umalipira m'madola koma mumapikisana ndi anthu a ku India, Vietnam ndi kum'mawa kwa Ulaya amene ali ndi intaneti yotchipa ndi magetsi odalirika kuposa athu. Musanalonjeze kasitomala wakunja chilichonse, pitani ku banki kwanu mukafunse mmene ndalamazo zidzafikire m'manja mwanu ndi zimene zidzadulidwe panjira, ndipo mukafunsenso ku MRA za msonkho wa munthu wodzilemba yekha ntchito.

Zonsezi mukaziona kuti n'zotheka, musalembe msanga kalata yosiya ntchito. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzipatseni miyezi isanu ndi umodzi yoyesa madzulo ndi Loweruka, mutawauza abwana anu poyera ngati mgwirizano wanu wa ntchito ukufuna kutero, ndipo musagwiritse ntchito mapulani a ofesi kapena makasitomala ake popanda chilolezo. Pa miyezi iwiri yoyambirira pangani ntchito zitatu zokha zoonetsa luso lanu, koma zikhale za kuno. Pitani ku HHI ndi tepi ndi kamera, mutapempha chilolezo, mukayese kupanga tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene M'busa David Clement Scott anachimanga ndi amisiri a kuno kuyambira 1888 mpaka 1891 ngakhale sanaphunzire zomangamanga. Njerwa zake zoumbidwa mosiyanasiyana ndi nsanja zake ziwiri zosafanana zidzakuphunzitsani zambiri kuposa nyumba khumi zotengedwa pa intaneti. Mandala House ya mu 1882, ndi khonde lake lozungulira, idzakuphunzitsani za mthunzi. Kumbukirani kuuza pulogalamu malo enieni a Blantyre, chifukwa ife tili kum'mwera kwa equator, ndipo m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa chakumpoto. Mukasiya mmene pulogalamuyo inabwerera, mthunzi udzagwera mbali yolakwika ndipo wodziwa adzaona msanga. Mitengo imene imabwera ndi mapulogalamuwa yambiri ndi ya ku Ulaya, choncho funafunani mango, mapeyala ndi jakaranda, ikani dothi lofiira, mpanda wa njerwa ndi thanki ya madzi pansanja yake, kuti munthu akaona anene kuti kuno ndi kwathu.

Miyezi inayi yotsalayo ikhale yopeza ntchito zolipidwa, ngakhale zazing'ono. Pa iliyonse lembani pepala la mgwirizano lonena kuchuluka kwa zithunzi, tsiku lopereka, ndi kangati kasitomala angasinthe maganizo popanda kuwonjezera ndalama, chifukwa mawu akuti "tangosinthaniko mtundu wa penti" angakudyereni sabata yathunthu. Landirani theka la ndalama musanayambe, ndipo zithunzi zoyamba muzitumiza zazing'ono zokhala ndi dzina lanu pakati mpaka zotsala zitalipidwa. Lembaninso maola onse amene mwathera pa ntchito iliyonse, kuphatikizapo odikira render ndi oyankha mafoni, kenaka mugawe ndalama zimene mwalandira ndi maolawo, mutachotsa mabandulo a intaneti, mayunitsi a magetsi ndi gawo la mtengo wa kompyuta, imene pakatha zaka zinayi kapena zisanu idzafuna ina. Nambala imene yatsalayo ndiyo muiyerekeze ndi malipiro anu a lero, osaiwala penshoni ndi thandizo la kuchipatala zimene ofesi imakulipirirani.

Ngati muli pabanja kapena pali ana a abale amene mumawalipirira sukulu, khalani nawo pansi akunyumba muwaonetse manambala amenewa, chifukwa miyezi yopanda ntchito idzakhalapo ndipo adzaimva ndi iwo. Ine sindingalangize munthu kusiya ntchito asanasunge ndalama zokwanira lendi ndi chakudya kwa miyezi isanu ndi umodzi.

Ngakhale mutasankha kusintha, musadule chingwe chimene chikukulumikizani ku ntchito yakale. Ngati munalembetsa kale ku Board of Architects and Quantity Surveyors, pitirizani kulipira ndi kusunga dzina lanu m'kaundula, ndipo ngati mwatsala pang'ono kumaliza zaka zophunzira pansi pa katswiri wolembetsedwa, malizani kaye, popeza kudzabwerera mutasiya pakati n'kovuta kwambiri. Pitirizani kupezeka pamisonkhano ya Malawi Institute of Architects, chifukwa anthu a m'chipinda chimenecho ndiwo makasitomala anu oyamba. Ndipo kamodzi pamwezi valani nsapato za ku saiti, mupemphe mnzanu akutengeni kumene akumanga, mukaime pafupi ndi mmisiri pamene akukhoma mathirasi kapena kuthira silabu, mukafunse mtengo wa thumba la simenti sabata imeneyo ndi chifukwa chimene wasinthira zimene zinali papulani.