Ku Baltimore yambirani padoko, sitima za panjanji mukazione mawa lake

Ulendo wanga woyamba ku Baltimore, mzinda wakale wa doko m'chigawo cha Maryland ku America, ndinauyamba chakumapeto. Nditangofika ndinalunjika ku B&O Railroad Museum, myuziyamu ya sitima za panjanji, ndinajambula injini iliyonse imene inali patsogolo panga, madzulo n'kubwerera foni itadzaza zithunzi koma osadziwa chimene chinasonkhanitsa zitsulo zonsezo pamalo amodzi. Ulendo wachiwiri ndinayambira pamadzi, n'kumatsata njira imene katundu ndi anthu ankadzera akatsika m'zombo. Apo m'pamene mzindawu unayamba kundimvekera, ndipo ndi mmene ndikukulangizirani kuti muuyendere. Patulani masiku awiri.

Musananyamuke, sungani nkhani imodzi iyi m'mutu. Mu 1825 ku New York anatsegula ngalande ya Erie, ndipo tirigu, ufa ndi katundu wina wochokera kumadzulo anayamba kutsetsereka m'maboti kupita kudoko la New York pamtengo wotsika. Amalonda a ku Baltimore anaona kuti doko lawo liuma. Pakati pa iwo ndi mtsinje wa Ohio panali mapiri, ndiye mu 1827 anakhazikitsa kampani ya njanji ya Baltimore and Ohio, imene aliyense amangoitchula kuti B&O. Dzinalo likunena kale cholinga chake: kuchoka padoko kukafika ku Ohio. Zinawatengera mpaka 1853 kuti sitima ifike ku Wheeling, m'mbali mwa mtsinjewo. Njanji ya kuno inabadwa kuti idyetse doko, ndipo chilichonse chimene mukaone chikulumikizana ndi mfundo imeneyi.

Tsiku loyamba lawirirani ku Fort McHenry, linga lokhala ngati nyenyezi limene lili kunsonga ya Locust Point, pakhomo penipeni pa doko. Pa 13 ndi 14 September 1814 zombo za nkhondo za Britain zinaliphulitsa ndi mizinga kwa maola 25, koma sizinathe kulowa. Francis Scott Key ankaonerera ali m'chombo chakutali, ndipo ataona mbendera ikadali m'mwamba kutacha, analemba ndakatulo imene mu 1931 inakhala nyimbo ya fuko la America. Ambiri amathera nthawi yawo pa nkhani ya nyimboyi. Ine ndikuti kwerani pakhoma la lingalo muyang'ane madzi. Muona mmene njira yolowera padoko ilili yopapatiza, muona zombo za makontena ndi makina onyamulira katundu kutsidya, ndipo chakumunsi kwa mtsinje wa Patapsco ndi kumene kunali mlatho wotchedwa dzina la Key yemweyo, umene unagwa pa 26 March 2024 chombo cha Dali chitaugunda, antchito 6 n'kufa. Doko ili likugwirabe ntchito. Mbendera yeniyeni ya 1814, imene poyamba inali ya mamita 9 m'lifupi ndi pafupifupi 13 m'litali, musaifune pano: ili mu myuziyamu ya Smithsonian ku Washington. Nyumba ya Mary Pickersgill, mayi amene anaisoka, ili pa East Pratt Street ndipo anthu amalowamo.

Pobwerera musathamangire kuchoka ku Locust Point. Kuyambira 1868 mpaka 1914 zombo za kampani ya North German Lloyd zochokera ku Bremen m'dziko la Germany zinkakocheza pano, pamalo a B&O, ndipo anthu oposa miliyoni imodzi anatsikira pagombe limeneli. Ambiri sankalowa n'komwe mumzinda. Ankatsika chombo, kuyenda mapazi ochepa, n'kukwera sitima yopita kumadzulo.

Masana pitani ku Inner Harbor mukakwere USS Constellation, chombo cha nkhondo cha matanga chimene anachipanga mu 1854. Valani nsapato zogwira bwino, chifukwa makwerero ake ndi otsetsereka, ndipo mukamatsika m'munsi denga limafupikirafupikira. Pansanja pamene amalinyero ankagona pamakhala timabedi tansalu tolendewera moyandikana kwambiri, fungo la matabwa akale ndi phula lili tho, ndipo ine ndinayenda chowerama mpaka kotulukira. Chimene chinandiimitsa nthawi yaitali m'chombomu si mizinga yake. Kuyambira 1859 mpaka 1861 chinkatsogolera zombo za America zolondera gombe la kumadzulo kwa Africa pofuna kugwira ozembetsa akapolo. Mu September 1860 chinagwira chombo chotchedwa Cora, mmene munali anthu 705 opanikizidwa pansi, ndipo anthuwo anakawatsitsa ku Monrovia m'dziko la Liberia. Mukakhala m'munsi muja mutaweramitsa mutu, yesani kuganiza anthu 705 m'chombo chocheperapo kuposa chimenechi.

Kuchokera apo tsatani gombe chakum'mawa mpaka ku Fells Point, kumene kale ankakhomera zombo. Misewu ina ya kumeneko ndi ya miyala yogumuka mapazi, choncho ngolo ya mwana kapena njinga ya olumala imavutikapo. Frederick Douglass, amene pambuyo pake anatchuka polimbana ndi ukapolo, anagwira ntchito m'malo okhomera zombo amenewa ali kapolo, akumata ming'alu ya matabwa kuti madzi asalowe, malipiro ake n'kumakapereka kwa mbuye wake. Pa 3 September 1838 anavala ngati mmalinyero, anatenga mapepala obwereka kwa mmalinyero wina wakuda amene anali mfulu, n'kudumphira m'sitima ya panjanji yopita kumpoto. Pasanathe tsiku lathunthu anali ku New York. Zovala anazipeza chifukwa cha doko, njira anaipeza chifukwa cha njanji. Nkhani yake ndi ya Isaac Myers, amene pambuyo pa nkhondo yapachiweniweni anatsogolera antchito akuda kutsegula malo awoawo okonzera zombo, mukaipeza pa Frederick Douglass-Isaac Myers Maritime Park pomwepo pagombe.

Tsiku lachiwiri ndi loyenda pansi, ndipo msewu wake ndi Pratt Street. Yambirani pa President Street Station, siteshoni yaing'ono yakale imene tsopano inazunguliridwa ndi nyumba zitalizitali zagalasi. Muli myuziyamu ya nkhondo yapachiweniweni, koma siitsegulidwa tsiku lililonse, ndiye onani kaye pa intaneti. Kale malamulo a mzindawu sankalola injini za nthunzi kudutsa pakati pa tauni. Sitima yochokera ku Philadelphia inkaima pano, mabogi ankawamasula, mahatchi n'kuwakoka limodzilimodzi m'njanji ya mu Pratt Street kukafika ku Camden Station, kumene injini ya B&O inkawatenga kupita ku Washington. Bogi imene Abraham Lincoln, atangosankhidwa kukhala pulezidenti wa America, anagonamo mu February 1861, podutsa mobisa usiku chifukwa cha mphekesera zoti amupha, inakokedwa chomwecho. Pa 19 April chaka chomwecho, nkhondo yapachiweniweni itangoyamba, asilikali ochokera ku Massachusetts akudutsa mtunda womwewu, gulu la anthu linatseka njanji n'kuyamba kuwagenda. Asilikali 4 ndi anthu wamba 12 anafa. Mtundawu ndi wa kilomita imodzi ndi theka basi. Uyendeni ndi mapazi anu, madzi ali kumanzere kwanu, kuti mumve mmene kampata kakang'ono pakati pa masiteshoni awiri kanalili koopsa.

Camden Station, ya m'ma 1850, ili pafupi ndi bwalo la baseball la Camden Yards. Chinyumba chanjerwa chachitali mamita 340 chimene chili m'mbali mwa bwalolo chinali nkhokwe ya katundu ya B&O. Pa siteshoni yomweyi, mu July 1877, antchito atanyanyala ntchito chifukwa kampani inadula malipiro awo ndi 10 peresenti, kunabuka chipwirikiti ndipo asilikali anawombera anthu m'misewu. Ndimatchula zimenezi dala, chifukwa mukalowa mu myuziyamu kuwala kwa mkuwa wopukutidwa kumaiwalitsa anthu amene ankaupukuta.

Pitirizani chakumadzulo mpaka pa 901 West Pratt Street, malo otchedwa Mount Clare. Amene miyendo yatopa akhoza kukwera mabasi aulere a Charm City Circulator, koma aone kaye mapu ake chifukwa njira zimasinthidwa. Apa ndiye pa B&O Railroad Museum, imene inatsegulidwa mu 1953 pamalo pamene kampaniyi inkapangira ndi kukonzera injini ndi mabogi ake. Mtima wake ndi chinyumba chozungulira cha mbali 22, chomangidwa mu 1884 mwa luso la E. Francis Baldwin. Mukalowa, musathamangire injini yoyamba. Pitani pakati penipeni, pathandala lozungulira limene ankatembenuzira mabogi, muyang'ane kumwamba. Kuwala kumatsika kuchokera m'mazenera a pamwamba, nsanamira zachitsulo zaima mozungulira, ndipo njanji zimatuluka pakati paja kulowera mbali zonse ngati masipoko a njinga, iliyonse ili ndi injini yake yakuyang'anani. Mu February 2003 chipale chofewa chinaunjikana padenga ili mpaka theka lake linagwera pa injini zina zakale kwambiri. Anatsegulanso mu November 2004, ndipo kukonza zowonongekazo kunatenga zaka zina zambiri.

Injini ziyendereni motsata zaka, osati motsata kukula. Sitima zoyamba za B&O mu 1830, pamtunda wa makilomita 21 wopita ku Ellicott's Mills, zinkakokedwa ndi mahatchi. Chaka chomwecho Peter Cooper anayesa kainjini kake ka nthunzi kotchedwa Tom Thumb. Amasimba kuti kanapikisana ndi hatchi n'kugonja lamba atapulumuka, koma kanaonetsa kuti nthunzi ingathe ntchitoyo. Tom Thumb imene muione ndi yongofanizira, yopangidwa mu 1927 pokondwerera zaka 100 za kampaniyi. Khalani ndi chizolowezi chowerenga chikwangwani chilichonse kuti mudziwe ngati chinthu chili chenicheni kapena chofanizira. Zonse n'zothandiza, koma si chinthu chimodzi. Kenako bwerani pa injini yotchedwa William Mason ya 1856, ya chumuni yotambalala kukamwa yogwira nthetche za nkhuni, ndi zinjini zina zachilendo zimene kanyumba ka woyendetsa kali pamwamba pa boyila ngati linunda la ngamila.

Pali kaluso kamodzi kamene kangasinthe tsiku lanu lonse: kuwerenga mawilo. Manambala ngati 4-4-0 amatanthauza mawilo anayi aang'ono otsogolera pokhota, anayi akuluakulu okoka, ndipo kumbuyo kulibe. Mawilo okoka akakhala aatali kwambiri, injiniyo inali ya liwiro, yonyamula anthu. Akakhala ambiri, inali ya mphamvu, yokoka katundu m'mapiri. Mukadziwa zimenezi pitani mukaime pambali pa Allegheny nambala 1604 ya kampani ya Chesapeake and Ohio, yopangidwa mu 1941, imene manambala ake ndi 2-6-6-6. Ndi mawilo 20, kulemera kwake kuposa matani 300, ndipo gudumu limodzi lokoka ndi lalitali ngati munthu wamkulu. Ntchito yake inali kukweza mabogi a malasha pamapiri. Ndinayenda kuchokera kumphuno kwake mpaka kumbuyo ndikuwerenga mipope, ndipo bambo wina wachikulire wodzipereka kuthandiza alendo anandionetsa pamene malasha ankalowera m'ng'anjo ndi makina, chifukwa panalibe munthu amene akanakwanitsa kuidyetsa ndi fosholo. Anthu odzipereka amenewa afunseni. Funso labwino si lakuti injiniyi inkathamanga bwanji, koma lakuti inkanyamula chiyani, kuchokera kuti, ndipo ankaigwirira ntchito ndi anthu angati.

Pa masiku ena pamakhala kasitima konyamula alendo kotchedwa Mile One Express, koyenda pamzere woyamba weniweni wa B&O. Malo ake si okongola, ndi kuseri kwa nyumba ndi mipanda, koma ndi mzere umene mwala wake woyamba unaikidwa pa 4 July 1828 ndi Charles Carroll, womaliza kukhala moyo mwa amene anasaina chikalata cha ufulu wa America, ali ndi zaka 90. M'mbali mwa njanji ya B&O yomweyi munadutsanso waya wa telegalafu umene Samuel Morse anatumizira uthenga wake kuchokera ku Washington pa 24 May 1844, mawu ake otengedwa pa Numeri 23:23.

Mukatuluka, khotani pang'ono kupita ku Lemmon Street, kumene kuli Irish Railroad Workers Museum m'tinyumba ta njerwa ta 1848 mmene munkakhala mabanja a antchito ochokera ku Ireland. Tizipinda take ndi topanikiza, ndipo mukangochoka kuona chinyumba chozungulira chija kusiyana kwake kumaluma. Nayonso imatsegulidwa masiku ochepa.

Ngati mungapeze theka la tsiku lachitatu ndi galimoto, tulukani kunja kwa mzinda. Ku Ellicott City kuli siteshoni ya miyala yakale kwambiri mwa zonse zimene zatsala ku America, kumapeto kwa makilomita 21 oyamba aja. Koma ine ndimakonda Thomas Viaduct ku Relay, mlatho wa miyala wa 1835 wa zipata 8, womangidwa mokhota pamwamba pa mtsinje wa Patapsco. Benjamin Henry Latrobe II ataukonza anthu ankamuseka kuti ugwa, koma mpaka lero umanyamula sitima za katundu zolemera kuposa chilichonse chimene iye akanaganiza. Sitima zonyamula anthu za MARC za mzere wa Camden, zoyenda pakati pa Washington ndi Camden Station, zimadutsa pamwamba pake, koma mkati mwa sabata mokha; ine ndinakonzekera Loweruka ndipo ndinaiphonya. Muli m'sitima simungauone bwino. Lowani mu Patapsco Valley State Park mbali ya Avalon, kumene msewu umadutsa pansi pa mlathowo, imikani galimoto pamalo ololedwa, ndipo musakwere panjanji chifukwa ikugwira ntchito. Ndinadikira pamenepo pafupifupi ola limodzi, dzanja lili pamwala wozizira wa chipilala, mpaka sitima ya katundu inatulukira pamwamba ikulowera ku Baltimore, ndipo kunjenjemera kwake ndinakumva m'chikhatho.