Kuthandiza pakhitchini yodyetsa osowa ku Mangochi: muyeso, ukhondo ndi kagawidwe

Kuyambira Disembala mpaka Malichi, chimanga chikatha m'nkhokwe koma cha m'munda chisanakhwime, mipingo, mizikiti ndi sukulu za mkombaphala zimayatsa moto wodyetsa ana, okalamba ndi odwala. Ngati mwadzipereka kukathandiza, kaya ndi kwa Mponda, kwa Chimwala, ku Namwera kapena ku Makanjira, dziwani kuti mphika wa anthu 100 sayendetsa ngati wa kunyumba. Kuphika mongoyerekeza ndi maso kumasiya anthu 20 omalizira ndi mbale zopanda kanthu.

Musanagwire mthiko, kaonaneni ndi komiti ya pamalopo, ndipo afumu adziwe kuti mwabwera. Funsani kaundula wa odzadya, chifukwa muyeso wonse umachokera pamenepo. Nenaninso masiku amene mudzabweradi. Munthu wobwera kawiri pa sabata mosaphonya amathandiza kuposa wolonjeza tsiku lililonse n'kusowa Lachitatu madzi asanatungidwe.

Tiyambe ndi phala. Mwana mmodzi amuwerengere magalamu 100 a ufa wa Likuni Phala, ndiye kuti ana 100 ndi makilogalamu 10, pa malita 40 mpaka 50 a madzi. Ngati mukukonza nokha ufawo, ikani miyeso inayi ya chimanga pa muyeso umodzi wa soya. Soyayo muyambe mwamukazinga asanapite kuchigayo, chifukwa wosakazinga amanunkha uwisi ndiponso amavuta kugayika m'mimba mwa mwana. Ufa musathire m'madzi owira. Usungunuleni kaye mu ndowa ya madzi ozizira, kenaka muuthire pang'onopang'ono mumphika wina akutakasa. Mukalumpha sitepe imeneyi phala limachita mibulu, kunja yopsa mkati ufa wokhawokha. Likayamba kubwata chepetsani nkhuni, lipse mphindi 30, ndipo mthiko uzifika pansi penipeni. Mphika waukulu umapserera pansi pamwamba pakuoneka bwinobwino, ndipo fungo la kupserera likalowa ana amalikana phala lonse.

Pa nsima, wamkulu mmodzi amadya ufa wapakati pa magalamu 200 ndi 250, kotero thumba la makilogalamu 50 limadyetsa anthu 200 kapena kupitirira pang'ono. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera pa ntchito imeneyi: sutaya gaga, ndipo thumba lomwelo limatulutsa ufa wochuluka. Nyemba werengerani makilogalamu 6 pa anthu 100, mafuta malita awiri, mchere osapitirira theka la kilogalamu. Nyembazo zisankheni ndi kuziviika usiku, m'mawa mutaye madziwo; zimapsa msanga ndipo nkhuni zimapulumuka. Nkhuni ndiye ndalama imene makomiti ambiri amaiwala kuwerengera, choncho phikani pamalo otchingika ku mphepo ndipo muzivundikira mphika.

Kuno ndiwo yosavuta kupeza ndi usipa ndi kambuzi. Pogula, tolani dzanja limodzi mufikise pachikhatho. Ukasiya mchenga, ndiye kuti unayanikidwa pansi osati pathandala. Uviikeni m'madzi ofunda mphindi 10, muutsuke kawiri, ndipo pouchotsa m'beseni muziuvuula ndi manja kuti mchenga utsalire pansi. Mukakhuthula beseni lonse mumphika, mchengawo upita nawo. Wa ana ang'onoang'ono ndi bwino kuusinja n'kuuthira m'phala kapena m'masamba otendera. Nsinjiro nazo zimafuna maso: mtedza wofota, wakuda kapena wa chuku utayeni, osaupatsa ngakhale nkhuku. Poizoni wa chuku satha ndi moto, ndipo amawononga chiwindi.

Anthu ambiri m'boma lino ndi Asilamu, ndipo khitchini yosalabadira zimenezi imadzipatula yokha. Ikapezeka mbuzi kapena nkhuku, izingidwe ndi Msilamu, anthu adziwe amene wazinga. Mphika umene unaphikidwamo nkhumba usayandikire. Lachisanu gawani chakudya nthawi ya swala ya masana isanakwane kapena itadutsa. M'mwezi wa Ramadani akuluakulu osala sadzabwera masana. Ana apitirize kudya monga mwa masiku onse, koma za akuluwo mukambirane ndi ashehe kuti gawo lawo liphikidwe madzulo. Kumbukiraninso kuti a Seventh Day sadya mlamba. Agogo ambiri amamasuka m'Chiyao, ndiye "Ajimwiche uli?" ndi "Sikomo" muziphunzire tsiku loyamba.

Nkhani ya ukhondo sitinyengererapo. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi anali m'gulu la maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Malo amodzi odyera anthu 100 atha kufalitsa matenda mudzi wonse tsiku limodzi. Madzi a m'nyanja, a mu Shire kapena a pachitsime chosatetezedwa asalowe m'kapu asanathiridwe mankhwala. WaterGuard ndi kachivindikiro kamodzi pa malita 20, n'kudikira mphindi 30. Madzi akakhala amatope, ayambe akhazikika ndi kusefedwa pansalu yoyera, popeza matope amafooketsa mankhwalawo. Kolorini wa ufa musasungunule mwa nzeru zanu. Muyeso wake akuuzeni alangizi a zaumoyo.

Kusamba m'manja m'beseni limodzi kulekeretu. Wachisanu amasamba litsiro la anayi oyamba. Ikani mpondagiya kapena ndowa ya mpopi ndi sopo pamalo amene mzere ukuyambira, ndipo munthu mmodzi aime pamenepo osachoka, chifukwa ana akaona utsi wa phala amadutsa mothamanga. Mbale zitsukidwe m'mabeseni atatu, la sopo, lotsukuluza ndi la madzi a mankhwala, kenaka ziume pathandala padzuwa osazipukuta ndi nsalu. Amene watsekula m'mimba, akusanza kapena ali ndi chilonda padzanja asaphike ngakhale kugawa tsiku limenelo.

Kutentha kwa kuno, makamaka Okutobala ndi Novembala, kumasasitsa chakudya msanga. Chophikidwa chidyedwe pasanathe maola awiri. Nyemba zotsala musazisungire mawa popanda firiji, ndipo mkute usaperekedwe kwa ana.

Pogawa ndi pamene zinthu zimasokonekera kwambiri. Wogawa akhale mmodzi pa mphika, chipande kapena kapu yake ikhale imodzimodziyo kuyambira woyamba mpaka womaliza. Ogawa atsopano amadzaza mbale zoyambirira chifukwa cha chisoni, kenaka n'kumakokota pansi pa mphika mzere usanathe. Ayambe ndi ana osakwana zaka zisanu, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, kenaka okalamba ndi olumala. Agogo musawaimike pamzere padzuwa. Ayalireni mkeka pamthunzi, muwapititsire madzi osamba ndi chakudya, mupereke ndi manja awiri. Patulani mbale 10 pa 100 zilizonse musanayambe, za obwera mochedwa ndi odwala amene atsala kunyumba. Mphika ukhale kutali ndi ana, mutchinge ndi benchi, chifukwa phala lotentha limamatirira pakhungu ndipo limawotcha kuposa madzi. Foni ikhale m'thumba. Munthu wabwera ndi njala sanabwere kudzajambulidwa, ndipo ena amasiya kubwera akadziona pa Facebook.

Maso anu akhalenso pa ana amene sakudya. Mwana wotupa mapazi onse awiri, wa tsitsi lofiirira lothothoka, kapena wofooka mpaka kukana phala, khitchini singamuchize. Uzani mayi ake pambali, mwaulemu, ndipo mlangizi wa zaumoyo amuyeze mkono. Tepi ikaonetsa pansi pa masentimita 11.5, akufunika kuchipatala tsiku lomwelo. Chiponde chimene amapereka kumeneko ndi mankhwala a mwana yekhayo, sichogawana ndi abale ake.

Musanachoke, lembani m'buku anthu amene adya, ufa ndi nyemba zimene zatuluka, ndi zimene zatsala, anthu awiri asayine. Matumba akhale pa matabwa osakhudza pansi kapena khoma, ndipo lofika kale ndilo liyambe kutsegulidwa nankafumbwe asanalipeze. Makiyi a sitolo asakhale ndi munthu yemwe amalemba bukulo.